Chuku Chobwerezabwereza mu Lenzi ya Kamera ya Filimu: Kuchizindikira, Kuchichotsa ndi Kuchiletsa Kubwerera

Mwezi wa Epulo, mvula ikamatsazika, eni makamera a filimu ambiri amatulutsa kamera m'chikwama n'kupeza kuti m'kati mwa lenzi mwamera timaulusi toyera tonga ukonde wa kangaude. Chopweteka kwambiri n'chakuti nthawi zambiri lenziyo inatsukidwa kale chaka chatha, ndalama zinalipidwa, ndipo mwiniwake ankaganiza kuti nkhaniyo inathera pomwepo. Timaulusi timeneti ndi chuku, m'bale wake wa chija chimamera pa nsapato zachikopa zosiyidwa kuseri kwa chitseko m'dzinja, kapena pa chimanga chokokoleredwa chisanaume. Kutsuka kumachotsa chuku chimene chamera kale, koma sikusintha kalikonse pamalo pamene chinamerera, ndipo n'chifukwa chake vutoli limabwerera chaka ndi chaka kwa munthu yemweyo, m'kabati yomweyo.

Kamera yoyamba imene ndinaiona itagwidwa chotere inali Pentax K1000 ya amalume anga, imene ankaikonda kotero kuti ana sitinkaloledwa kuikhudza. Anaiika m'chikwama chake chachikopa, chikwamacho n'kuchikulunga m'chitenje, chitenjecho n'kuchiika m'sutikesi, ndipo sutikesiyo inakhala kunsi kwa bedi, pasimenti, kwa madzinja anayi. Titatsegula, fungo la chinyezi ndi limene linayamba kutilonjera. Chikopa chinali chitachita mawanga obiriwira, ndipo galasi lakumbuyo kwa lenzi linali litayala nthambi zoyera kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Mtundu umenewu wa kamera, umene unapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, umadziwika ndi kulimba, ndipo ojambula ambiri anayenda nawo padzuwa ndi pafumbi kwa zaka zambiri popanda vuto. Ya amalume inawonongeka ili chikhalire, m'manja mwa munthu amene ankaisamala ndi mtima wake wonse.

Choyamba tsimikizani kuti ndi chuku

Si chilichonse chooneka m'lenzi chimene chili chuku, ndipo anthu ambiri amamasula lenzi yabwinobwino chifukwa cha fumbi limene silikanasokoneza chithunzi ngakhale chimodzi. Chotsani lenzi pa kamera, chotsani zivindikiro zonse ziwiri, ndipo tembenuzani mkombero wa aperture, chibowo cholowetsa kuwala m'lenzi, mpaka pa nambala yaing'ono kwambiri, monga 1.8 kapena 2, kuti chibowo chitseguke chonse. Lowani m'chipinda chamdima ndi tochi yaing'ono, ngakhale ya pafoni, ndipo muunike kuchokera kumbuyo kwa lenzi mopendeketsa pamene inu mukuyang'ana kutsogolo. Musalunjikitse kuwalako m'diso, chifukwa mungothobwa osaona kanthu. Kuwala kodutsa cham'mbali ndi kumene kumaonetsa chilichonse chokhala pagalasi. Mukatha, tembenuzani lenziyo muunikenso mbali inayo.

Fumbi limaoneka ngati timadontho towala tomwazikana, tosalumikizana, ndipo lenzi iliyonse yazaka makumi anayi imakhala nalo. Lisiyeni. Chuku chimakhala ndi nthambi: chimayambira pa kadontho kamodzi, kawirikawiri m'mphepete mwa galasi, n'kumafalikira ngati mizu ya udzu, ndipo chikakhwima chimaoneka ngati thonje lopyapyala lomatirira. Palinso chifunga, chimene chimaphimba galasi lonse mofanana ngati mpweya wa m'kamwa pa zenera. Chimenechi nthawi zambiri chimachokera ku girisi wa m'kati mwa lenzi amene anatenthedwa n'kusanduka nthunzi, kenako n'kukhazikika pagalasi, ndipo mankhwala ake ndi kutsuka komanso kusasiya kamera m'galimoto yotsekedwa padzuwa. Mukaona mitundu ya utawaleza kapena kamzere konyezimira kozungulira m'mphepete, ndiye kuti guluu wolumikiza magalasi awiri wayamba kumatuka; m'malenzi akale guluuyu anali utomoni wa mtengo wotchedwa Canada balsam, ndipo vuto limeneli silitheka ndi nsalu ndi spiriti. Ndipo ngati galasi lonse lachita chikasu, monga zimachitikira ndi malenzi ena a Super-Takumar 50mm f/1.4, chifukwa chake ndi thorium, chitsulo chimene chinasakanizidwa m'galasimo popanga, osati matenda aliwonse.

Chimene chimachidyetsa

Mbewu za chuku zili mumpweya paliponse, ndipo zimalowa m'lenzi nthawi iliyonse imene mukutembenuza mkombero wa focus, wochititsa kuti chithunzi chioneke bwino, pakuti lenzi ikamatalika ndi kufupika imakoka mpweya ndi kuutulutsa. Palibe njira yoziletsera kulowa. Chimene munthu angathe ndi kuzimana zofunika kuti zimere. Kampani ya Zeiss, imene yakhala ikupanga malenzi ku Germany kuyambira zaka za m'ma 1800, imafotokoza kuti chuku chimamera pamene chinyezi cha mumpweya chafika 70 peresenti kapena kuposerapo kwa masiku opitirira atatu, kutentha kuli pakati pa madigiri 10 ndi 35, mpweya sukuyenda, pali mdima, ndiponso pali chakudya monga fumbi, timaulusi ta nsalu ndi mafuta a zala. Mukawerenga mndandandawu mofatsa muona kuti ukulongosola ndendende sutikesi ya kunsi kwa bedi mwezi wa Januwale.

Kwa ife vutoli ndi lalikulu kuposa kwa anthu a kumayiko ouma. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi chimakhala pamwamba kwa milungu yotsatizana, osati masiku atatu okha, ndipo m'mphepete mwa nyanja, monga ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Mangochi, chinyezi chimadza pamodzi ndi kutentha. A ku Mulanje ndi Thyolo sapuma ngakhale m'nyengo yozizira, chifukwa chiperoni chimabweretsa mawawa ndi nkhungu kwa masiku angapo, makoma n'kumachita thukuta m'kati mwa nyumba. Kenako kumabwera fumbi la Seputembala ndi Okutobala, limene limalowa m'makona onse a kamera n'kukhala chakudya chodikira mvula yoyamba.

Chuku chikakhalitsa sichimangokhala pamwamba pa galasi. Chimatulutsa timadzi ta asidi timene timadya utoto wopyapyala, wooneka wobiriwira kapena wapepo, umene opanga amapaka pagalasi kuti kuwala kusamanyezimire. Pamenepa ndi pamene nthawi imakhala yofunika: chuku chongoyamba kumene nthawi zambiri chimachoka chonse, pamene chokhalitsa chimatha kusiya zipsera zooneka ngati mapazi a nkhuku zimene palibe mankhwala angazifafanize.

Kutsuka

Ngati chuku chili kunja, pagalasi lakutsogolo kapena lakumbuyo, ntchitoyi mungaigwire nokha. Yambani ndi kuuzira fumbi pogwiritsa ntchito kampira kopopera mpweya, osati pakamwa, chifukwa malovu amawonjezera chakudya chimene mukufuna kuchotsa. Kamchenga kamodzi kotsala pagalasi kamasanduka mpeni mukayamba kupukuta. Kenako nyowetsani pang'ono kathonje kapakamtengo ndi hydrogen peroxide wa 3 peresenti, amene amapezeka m'mafamase, ndipo mugunditse pamene pali chukupo, n'kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri kuti chifewe. Amisiri ambiri amasakaniza mankhwalawa ndi amoniya muyezo wofanana; mukatero gwirani ntchitoyo pafupi ndi zenera lotsegula, ndipo amoniya asayandikane ndi bulichi ngakhale pang'ono, pakuti ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni. Mankhwala asathiridwe mwachindunji pagalasi, chifukwa amayenderera m'mphepete n'kulowa m'kati. Pukutani mozungulira kuchokera pakati kupita kunja, kathonje kalikonse kamodzi kokha n'kukataya, ndipo mumalize ndi isopropyl alcohol pa kapepala kopukutira malenzi kapena kansalu koyera ka microfibre. Spiriti yapepo ya m'magolosale ili ndi utoto umene umasiya mawanga ikauma, choncho pagalasi isafikepo. Nsonga ya malaya, mpango wa m'thumba ndi pepala la kuchimbudzi n'zimene zakanda malenzi ambiri.

Nthawi zambiri, komabe, chuku chimakhala m'kati, ndipo apa munthu ayenera kudziyeza moona mtima. Lenzi wamba ya 50mm imakhala ndi magalasi asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri oikidwa m'magulu awiri, lina kutsogolo kwa aperture ndi lina kumbuyo kwake, ndipo m'malenzi ambiri gulu lililonse limamasuka lathunthu ngati chivindikiro cha botolo. Mkombero wolembedwa dzina kutsogoloko umatembenuzidwa ndi chinthu champira chokwana bwino, chosakhudza galasi, ndipo mikombero ya m'kati imafuna sipanala yakeyake yokhala ndi nsonga ziwiri. Amene amayesa ndi lumo kapena nsonga za sizasi amaterereka kamodzi kokha, n'kusiya mzere pagalasi umene udzakhalepo mpaka kalekale. Tizomangira ta makamera a ku Japan tili ndi mutu wa mtundu wa JIS, wofanana maonekedwe ndi wa Phillips koma wosiyana kakulidwe ka m'kati, ndipo sikuludiraiva yolakwika imaphwanya mutuwo mosavuta.

Jambulani ndi foni sitepe iliyonse musanachotse kanthu. Galasi lililonse likatuluka, lembani kamuvi ndi pensulo m'mphepete mwake mosapakidwa utoto kusonyeza mbali yoyang'ana kutsogolo, chifukwa magalasi ena amaoneka ofanana mbali zonse koma sali choncho, ndipo limodzi likabwezedwa chagada zithunzi zonse zimatuluka zosaoneka bwino m'mphepete. Yalani zidutswazo pa nsalu yoyera motsatira mmene zatulukira. Musaiwale kupukuta ndi alcohol zitsulo za m'kati zimene zimagwira magalasiwo, popeza chuku chimayambira kumeneko chisanakwere pagalasi, ndipo amene amatsuka galasi lokha amakhala atasiya mizu m'nthaka. Chimene sindingalangize munthu wongoyamba ndi kumasula mazinga a focus, amene amalumikizana m'njira zingapo koma yolondola ndi imodzi yokha, kapena kutsegula lenzi ya zoom, imene ili ndi magalasi khumi kapena kuposerapo oyenda mosiyanasiyana. Samalaninso ndi malenzi a zaka za m'ma 1940 ndi 1950, amene utoto wake wa m'kati ndi wofewa moti umachoka ndi kupukuta wamba. Zoterezi n'zoyenera mmisiri amene anazigwirapo, ndipo musanamusiyire mufunseni ngati anatsegulapo lenzi ya mtundu umenewo, pakuti kukonza mafoni ndi mawailesi ndi luso lina.

Zipsera zikatsala mutatsuka, musataye lenziyo. Pa zithunzi zambiri sizioneka konse. Zimadziulula pokhapokha pamene mukujambula moyang'anizana ndi dzuwa kapena nyali, pamene chithunzi chimatuwa ngati chaphimbidwa ndi utsi, ndipo kachipewa kotchinga kuwala kovekedwa kutsogolo kwa lenzi kamachepetsa vutolo kwambiri.

Ena amalangiza kuyanika lenzi padzuwa kuti chuku chife. N'zoona kuti kuwala ndi kuuma zimachifooketsa, koma dzuwa silichotsa chimene chamera kale, galasi lenilenilo limatchinga gawo lalikulu la cheza cha UV chimene anthu amadalira, ndipo dzuwa la Okutobala limasungunula girisi n'kumuyenderetsa pa timasamba ta aperture, timene kenako timamatirira n'kumachedwa kutseka. Kumbukiraninso kuti lenzi imasonkhanitsa dzuwa pamalo amodzi ngati galasi loyatsira moto. Pa makamera opanda kalilole m'kati, monga Leica M, Zorki ndi FED, amene shutter yake, chotchinga chimene chimatseguka pojambula kuti kuwala kufike pa filimu, ndi yansalu, lenzi yosavindikira yoyang'ana dzuwa imabowola nsaluyo m'kanthawi kochepa.

Malo osungira, kumene kuli gwero la vuto

Kutsuka lenzi n'kuibwezera m'chikwama chomwe chija ndi kutungira madzi m'dengu. Chikwama chachikopa, chimene chinabwera ndi kamera ndipo chimaoneka cholemekezeka, chimamwa chinyezi n'kuchisunga, ndipo chikopacho, ulusi wake ndi nsalu yofewa ya m'kati mwake zonse ndi chakudya cha chuku. Chikwama ndi cha paulendo basi. Chimene chagwidwa kale chuku chisiyanitsidwe ndi kamera kotheratu, ngakhale chikhale chokumbukira malemu.

Chofunika ndi bokosi lapulasitiki lokhala ndi mpira pachivindikiro ndi zokowera m'mbali, longa losungiramo chakudya, loonekera m'kati kuti kuwala kuzilowa. M'menemo muike kamera ndi malenzi, timibulu ta silica gel timene timamwa chinyezi, ndi kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer. Cholinga n'chakuti nambala ikhale pakati pa 35 ndi 50 peresenti. Popanda kachipangizoka mumangoganizira, ndipo ndaona anthu odzidalira ndi timapaketi tiwiri tochokera m'bokosi la nsapato timene tinakhuta madzi zaka zapitazo. Silica gel amamwa madzi okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, akatero waleka ntchito, ndipo kunja amaoneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndi bwino kupeza wosintha mtundu: wabuluu amasanduka pinki akakhuta, ndipo wa olenji amasanduka wobiriwira kapena wotuwa. Ngati muli ndi woyera wosasintha mtundu, muyezeni pa sikelo ya kukhitchini atangoumitsidwa, lembani nambalayo pa bokosi, ndipo muzimuyezanso sabata iliyonse m'dzinja.

Timibuluti timaumitsidwa n'kugwiranso ntchito kambirimbiri. Tikhuthuleni m'mapaketi ake, tiyaleni pa thireyi yachitsulo, ndipo mutiike mu uvuni wa madigiri 100 mpaka 120 kwa maola awiri kapena mpaka mtundu utabwerera. Wopanda uvuni angagwiritse ntchito chiwaya pa mbaula ya makala amene atsala pang'ono kuzima, n'kumatakasa pang'onopang'ono ngati akukazinga mtedza pamoto wofatsa. Moto waukali umaphulitsa timibuluto ndi kuwononga utoto wosonyeza chinyezi. Wabuluu uja ali ndi cobalt chloride, mankhwala oopsa m'thupi, choncho chiwaya chake chisabwererenso kophikira ndipo ana asatole timibuluto poyesa maswiti. Akangouma, muikeni m'botolo lotseka kuti azizire momwemo, apo ayi amwanso chinyezi cha m'khitchini asanafike m'bokosi.

Hygrometer yotsika mtengo imatha kunama, koma kuiyesa n'kosavuta. Dzazani chitsekerero cha botolo ndi mchere wa pakhitchini, dontheziranimo madzi pang'ono kuti unyowe ngati mchenga wa m'mbali mwa nyanja koma osasungunuka, ndipo muike chitsekererocho ndi hygrometer m'botolo lalikulu kapena m'pepala lapulasitiki lotsekedwa bwino kwa usiku wonse. Mchere wonyowa umasunga chinyezi cha 75 peresenti m'malo otsekedwa. Kachipangizo kakaonetsa 70, dziwani kuti kamachepetsa ndi 5, ndipo muziwonjezera nambala imeneyo nthawi zonse.

Kuuma kopitirira nakonso kuli ndi mtengo wake. Chinyezi chikakhala pansi pa 30 peresenti kwa miyezi yambiri, chikopa chomatidwa pa thupi la kamera chimakwinyika n'kumatuka m'makona, ndipo mipira imauma n'kung'aluka. Mukaona nambala yatsika chotero, chepetsani timibulu. Makabati amagetsi osungiramo makamera amachita zonsezi okha ndipo ndi abwino kwa amene angakwanitse, koma kumene magetsi amazima kawirikawiri ndi nzeru kuikamonso silica gel ndi kusatsegulatsegula chitseko mpaka atayaka. Mpunga, umene anthu amaukhulupirira foni ikagwera m'madzi, umamwa chinyezi pang'ono kwambiri, ndipo fumbi lake ndi chakudya chenicheni cha chuku. Timibulu toyera tothamangitsa njenjete m'zovala tisayandikire konse, chifukwa nthunzi yake imawononga filimu ndi mapulasitiki ena.

Bokosilo likhale pashelefu, kutali ndi simenti, kutali ndi khoma lakunja limene limanyowa ndi mvula, ndiponso kutali ndi bafa ndi khitchini. Ponena za kupatula lenzi yodwala, maganizo anga ndi akuti kuipatula n'kwabwino ndipo sikutayitsa kanthu, koma anthu amaopa kupatsirana kuposa mmene ayenera kuopera chinyezi. M'bokosi la 45 peresenti chuku sichikula, kaya lenzi zagundana kapena ayi, ndipo m'kabati yonyowa lenzi yatsopano imagwidwa ngakhale ili yokhayokha.

Ngati chabwererabe

Munthu amene wachita zonsezi koma n'kupezanso timaulusi ayang'ane zinthu zingapo motsatana. Choyamba ndi kuika kamera m'bokosi ili yonyowa. Mukabwera kojambula kumvula kapena kunyanja, ipukuteni ndi nsalu youma, chotsani zivindikiro ndi lamba wapakhosi, amene amamwa thukuta, ndipo muisiye pamalo opita mphepo kwa maola angapo musanaitsekere, chifukwa bokosi lotseka bwino limasunga chinyezi mwaluso lomwelo limene limachitchingira kunja. Chachiwiri ndi mame a m'kati. Kamera yochokera m'chipinda kapena m'galimoto yoziziritsidwa ndi makina ikatulukira mumpweya wotentha imachita thukuta m'kati ndi kunja, ndipo la m'katilo silioneka. Ikulungeni m'pepala lapulasitiki musanatuluke, ndipo mudikire theka la ola kuti itenthe isanatsegulidwe. Filimu yochokera m'firiji imafunanso chimodzimodzi: ikhale m'kachitini kake kotseka kwa ola limodzi kapena awiri. Chachitatu ndi mpira wa chivindikiro cha bokosi umene watha, chimene mungachizindikire ngati silica gel akukhuta m'masiku ochepa pamene bokosilo simunalitsegule.

Chachinayi chili m'thupi la kamera momwemo, ndipo ambiri sachiganizira. Makamera ambiri a ku Japan a zaka za m'ma 1960 mpaka 1980 ali ndi timizere ta siponji yakuda m'ngalande za chitseko chakumbuyo, pa hinji, ndiponso pamwamba pamene kalilole amagunda akakwera. Siponjiyi ikakalamba imasungunuka n'kukhala phala lomata ngati phula, ndipo kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa zimenezi. Gundani ndi kamtengo kotokosera m'mano: ikabwerera m'malo ndi yamoyo, ikamatirira kapena kunyenyeka yatha. Nyenyeswa zake zimagwera pa kalilole, pa shutter ndi pagalasi lakumbuyo kwa lenzi, n'kumasunga chinyezi pomwepo. Pa Olympus OM-1, imene inatuluka mu 1972, siponji yoikidwa pamwamba pa prism, galasi lotembenuza chithunzi kuti chifike ku choonera, imadya siliva wa prismyo, ndipo mwini amayamba kuona mabala akuda m'munsi mwa choonera amene amawayesa chuku pamene si chuku.

Chizindikiro china cha siponji yakufa chimaoneka pa zithunzi. Mukaona malawi ofiira kapena a olenji odutsa chithunzi, tengani negetivu, filimu yotsukidwa kale, muiyang'ane pa kuwala. Banga likapitirira malire a chithunzi n'kufika kumabowo a m'mphepete mwa filimu, kuwala kukulowera kuchitseko, kawirikawiri ku hinji. Kumaoneka kofiira chifukwa kwadutsa kumsana kwa filimu. Banga likathera m'malire a chithunzi, vuto lili kutsogolo, mwina kabowo pa nsalu ya shutter. Kuchotsa siponji yakale kumafuna kudekha kokha: nyowetsani ndi isopropyl alcohol kapena mafuta a laita, palani ndi kamtengo kansungwi kosongoka, ndipo mupukute ndi tizidutswa ta pepala mpaka ngalande itayera. Musanayambe, phimbani shutter ndi kakhadi komatidwa ndi tepi, pakuti chala chimodzi choterereka chimapinda timasamba take. Siponji yatsopano ikhale ya milimita imodzi mpaka iwiri malinga ndi malo. Yokhuthala kwambiri imakankha chitseko n'kulowetsa kuwala pamalo ena. M'ngalande zopapatiza ulusi wakuda wa wulu umagwira bwino ntchito, monga zinalili m'makamera ena akale siponji isanafale.

Pochotsa siponji ya pamwamba pa kalilole, gwirani kamera chozondotsa kuti nyenyeswa zigwere pansi. Kalilole wa kamera ali ndi chitsulo chonyezimira pamwamba pa galasi osati kuseri kwake ngati wa kuchipinda, choncho amakandika ndi kukhudza pang'ono, ndipo kagalasi kofokasira kamene kali pamwamba pake ndi kapulasitiki kokhala ndi timizere tosaoneka ndi maso timene alcohol amatiwononga. Ziwirizi n'zouzira mpweya basi. Fumbi lokhala pamenepo silituluka pa chithunzi, chifukwa kalilole amachoka panjira pa nthawi yojambula.

Chinyezi chomwecho chimafikanso ku batire. Kamera ikamakhala mwezi osagwira ntchito, chotsani batire, makamaka la alkaline monga LR44, limene likatha limatulutsa ufa woyera umene umadya zitsulo ndi kuyenda m'waya mpaka m'kati. La silver oxide, SR44, limadontha mwa apo ndi apo ndipo mphamvu yake imakhala yokhazikika. Pa K1000 choyezera kuwala chilibe batani lozimitsira, chimangodalira mdima, choncho lenzi yosavindikira imamaliza batire kamera ili pashelefu. Chimenechi ndi chifukwa china chochotsera batire ngati mukusunga m'bokosi loonekera. Ufa ukapezeka kale, upukuteni ndi kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi viniga, kenako ndi alcohol, ndipo muumitse bwino. Makamera amene choyezera chake ndi cha selenium, monga Zenit-E ya ku Soviet Union, safuna batire, koma kagalasi kake kamafooka ndi chinyezi ndi kuwala kosalekeza, choncho pa amenewa phimbani kazenera ka choyezerako ndi kapepala kakuda.

Kamodzi pa mwezi, ngakhale mulibe filimu, tulutsani kamera m'bokosi tsiku louma. Tembenuzani focus kuchokera kumapeto mpaka kumapeto kangapo, tembenuzani aperture, ndipo muombe shutter kawiri kapena katatu pa liwiro lililonse. Pa liwiro la sekondi imodzi tcherani khutu: kamera yamakina imalira kaphokoso kosalala ngati ka wotchi, ndipo ikamadodoma kapena kuima pakati ndiye kuti mafuta ake auma. Canon AE-1 ya 1976 imadziwika ndi kulira ngati kutsokomola kwa mwana wa nkhuku pamene mafuta a magiya a kalilole auma. Mankhwala ake ndi kadontho kochepetsetsa ka mafuta a wotchi pamalo enieniwo, koikidwa ndi munthu wodziwa, osati WD-40 kapena mafuta a makina osokera opoperedwa mwachisawawa, amene amayenderera mpaka pa shutter ndi pa magalasi. Mukatha, siyani shutter itaombedwa kuti masipuling'i apume, unikani lenzi iliyonse ndi tochi monga poyamba paja, ndipo lembani tsiku ndi nambala ya hygrometer pa kapepala komatidwa pachivindikiro cha bokosi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chitani zimenezi milungu iwiri iliyonse, ndipo silica gel wachiwiri akhale ataumitsidwa kale m'botolo, kudikira kusinthana ndi amene ali m'bokosi.